Ntchito yogwirizira podikira sukulu ya unamwino: tisankhe iti kuno kwathu?

aMwanza, woyang'anira gulu: Moni nonse. Sabata ino funso limodzi labwera kangapo kuchokera kwa ana athu amene anamaliza Grade 12, mtima wawo uli pa unamwino, koma malo kusukulu sanapeze kapena ndalama sizinakwane. Akufunsa kuti pakali pano agwire ntchito yanji ya zaumoyo: kudzipereka pa kiliniki, uphungu wa HIV, kulemba za odwala pa kompyuta, kusamalira wodwala pakhomo, kugulitsa m'sitolo ya mankhwala, kapena apite ku maphunziro a Community Health Assistant (CHA). Inu odziwa, tiuzeni zenizeni.

aBanda, mphunzitsi wa anamwino: Tisanatchule ntchito iliyonse, mwana aliyense atulutse satifiketi yake ayiyang'ane bwino. Dipuloma ya Registered Nursing ndi ya zaka 3, ndipo khomo lake ndi makirediti asanu, mwa iwo muli English, Mathematics ndi Biology kapena Science. Pa magiredi a ECZ, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 ndi 4 ndi merit, 5 ndi 6 ndi credit. Amene ali ndi 7 kapena 8 mu Maths wakhoza mayeso, inde, koma kusukulu ya unamwino fomu yake imayikidwa pambali. Bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia, lija tinkalitcha GNC lamulo la 2019 lisanabwere, limapereka nambala ya index kwa wophunzira aliyense, ndipo limayang'ana makirediti omwewa. Wopanda index salemba mayeso a Council ngakhale atakhala m'kalasi zaka zitatu zonse.

Chachiwiri, palibe ntchito mwa zimene aMwanza atchulazi imene imachotsa ngakhale temu imodzi pa zaka zitatu zija. Mungasambitse odwala zaka zisanu, tsiku lolowa sukulu muyamba chaka choyamba pamodzi ndi mnzanu amene sanagwirepo thermometer. Ndiye funso lenileni n'lakuti: chakutsekerani khomo n'chiyani? Ngati ndi kirediti, sankhani ntchito yosiya madzulo ndi Loweruka kuti muwerenge. Ngati ndi ndalama, sankhani ya malipiro odziwika. Ngati zonse zilipo mukungodikira intake ya Januwale kapena ya Julayi, pamenepo mpomwe mungasankhe ntchito yophunzitsa manja.

Chisomo wa ku Mchini: Zikomo abambo. Nanga amene ali ndi makirediti anayi, Maths yokha ili pa 7, alembenso maphunziro onse?

aBanda: Ayi mwana wanga, alembe GCE ya Maths yokhayo, nambala yake ndi 4024. Zotsatira za ulendo wachiwiri zimaphatikizidwa ndi zakale. GCE imalembedwa cha mu Julayi ndi Ogasiti, koma kulembetsa kumatsekedwa kumayambiriro kwa chaka. Ambiri amataya chaka chathunthu pamenepa, amakumbukira mu Meyi mayina atapita kale. Dzina ndi tsiku lobadwa zilembedwe ndendende monga zilili pa NRC ndi pa satifiketi yakale. Chilembo chimodzi chikasiyana, mudzayenda maulendo ambiri nthawi yotsimikizira zotsatira.

Amai NaPhiri, namwino ndi mzamba: Zimene anena aBanda n'zoona, koma ine ndiima pa ntchito ya pa kiliniki, maka mbali ya amayi ndi ana. Palibe malo ena amene mwana wa Grade 12 angaphunzire zambiri m'miyezi yochepa ngati tsiku la sikelo. Taonani zimene manja ake amazolowera. Sikelo yopachika ija uyenera kuyibweza pa ziro kabudula woyezera ali kale pa ngowe, apo ayi mwana aliyense alemera kuposa mmene alili. Uwerenge muvi utakhazikika, maso ako ali molingana ndi sikelo, osati uli chogwada. Kenako kadontho pa khadi kalembedwe pa mwezi woyenera wa msinkhu wa mwanayo. Kadontho kakasochera bokosi limodzi, mwana wonyentchera amaoneka ngati akukula bwino, amayi ake n'kubwerera kumudzi ali okondwa.

Tepi ya MUAC, yoonera ngati mwana wanyentchera, imayezedwa pa mkono wamanzere, pakati penipeni pa phewa ndi chigongono, mkono utalendewera, kwa ana a miyezi 6 mpaka 59. Pansi pa masentimita 11.5 ndi pofiira, kuyambira 11.5 mpaka 12.5 ndi pachikasu, kupitirira apo ndi pobiriwira. Cholakwa chofala ndi kukoka tepi mpaka kuluma khungu. Ndipo usaiwale mapazi: dinikiza ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala maenje mbali zonse ziwiri, mwanayo ali pangozi ngakhale tepi ikhale pobiriwira, apite kwa namwino nthawi yomweyo.

Kupuma kwa mwana wotsokomola kumawerengedwa mphindi yathunthu, mwana ali chete, osati akulira. Wosakwana miyezi iwiri, 60 kapena kuposa ndi kupuma mothamanga. Wa miyezi 2 mpaka 11, malire ndi 50. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndi 40. Mwana amene wagwira izi tsiku ndi tsiku, akafika kusukulu sachita mantha ndi wodwala. Ndipo mbali ina ndi iyi: amadziyesa yekha. Kuli ana amene amalakalaka yunifomu yoyera, koma fungo la chilonda chakale kapena masanzi a mwana zikawapeza, mtima umabwerera. Kuli bwino adziwe zimenezi makolo asanagulitse ng'ombe.

aZulu a ku Katete, clinical officer: Amai, phindu lake sindikukana, koma tiwauzenso ana awa mbali yowawa. Kudzipereka kulibe malipiro, ndipo sikulonjeza ntchito. Pa kiliniki ya kumudzi pamene ogwira ntchito ndi ochepa, wodzipereka amasanduka wa zonse: m'mawa akusesa, masana ali pa mzere wa odwala, usiku akudzutsidwa kuti aunikire tochi. Chaka chimatha buku la Maths asanalitsegule. Amene wasankha njira imeneyi achite izi. Alembe kalata yopempha kudzera kwa in-charge, ipite ku ofesi ya zaumoyo ya distirikiti, yankho libwere lolembedwa. M'kalatamo mukhale masiku ake, mwina atatu pa sabata, ndi tsiku lomaliza. Wolowa ndi pakamwa pokha, tsiku la vuto palibe amene amamudziwa.

Ndipo pali malire amene sayenera kudumphidwa. Wopanda laisensi sabaya jakisoni, sayika diripi, salemba mankhwala, sabereketsa, sasoka chilonda. Wina akakuuza kuti "baya, ndikuyang'ana", kana mwaulemu. Jakisoni wa pathako akalowa malo olakwika amakhudza mtsempha waukulu wa mwendo, mwana n'kumakoka phazi moyo wake wonse. Mlandu wotero umamutsata munthu mpaka ku Council asanalembetse n'komwe.

Amai NaPhiri: Pamenepo ndagwirizana nanu aZulu. Ndiwonjeze za chitetezo cha mwini thupi, chifukwa ana odzipereka ndi ogwira ntchito za ukhondo ndiwo amabayidwa kwambiri ndi masingano otayidwa molakwika. Katemera wa Hepatitis B ndi wa maulendo atatu: lero, pakatha mwezi umodzi, ndi pakatha miyezi 6. Muyambe musanalowe mu wodi. Singano yogwiritsidwa ntchito sivindikiridwanso, imapita molunjika m'bokosi la zobaya, ndipo bokosilo limatsekedwa likafika magawo atatu mwa anayi, osati kulipondereza ndi dzanja. Ukabayidwa, tsuka ndi madzi oyenda ndi sopo, usafinye, unene kwa in-charge nthawi yomweyo. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, ayambidwe msangamsanga, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadukiza. Ana ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, n'kudzanena Lolemba zimene zinachitika Lachinayi.

NaTembo, wa zolembera za odwala: Akuluakulu, ndilankhuleko za ntchito ya pa kompyuta chifukwa anthu amayipeputsa. Kwa amene akulemba GCE, ndi imene imayenda bwino ndi buku. Ndi ya masana, ilibe mashifiti a usiku, ukaweruka mutu uli bwino ndipo msana sunathyoke. Umaphunzira SmartCare, pulogalamu ya pa kompyuta yosungira za odwala, imene anamwino amagwiritsanso ntchito, umadziwa maregister, ndi mmene lipoti la mwezi limapangidwira. Mayina a mankhwala ndi a matenda amalowa m'mutu osadziwa. Chofunika ndi kulemba mosamala. Vuto lofala ndi kutsegula fayilo yachiwiri ya munthu amene ali nayo kale, chifukwa kuno a Phiri, a Banda ndi a Zulu ofanana mayina ndi ambiri. Funsa tsiku lobadwa, mudzi ndi NRC usanatsegule yatsopano. Munthu mmodzi akakhala ndi mafayilo awiri, ina imaonetsa ngati anasiya kumwa mankhwala, anthu n'kupita kukamufuna kunyumba pamene iye akumwa bwinobwino, ndipo chinsinsi chake chimaululika motero. Pasiwedi yako usabwereke mnzako. Ndipo zimene waona pa sikirini zimathera pomwepo, ngakhale dzinalo likhale la alamu ako.

Choipa chake n'chakuti manja saphunzira kanthu. Wodwala umamudziwa ndi nambala.

Dalitso wa ku Kapata: Nanga uphungu wa HIV? Anzathu ena akuti kosi yake ndi yaifupi ndipo ntchito imapezeka msanga.

aZulu: Kosi ndi yaifupi, inde, ndipo luso lake ndi lamtengo wapatali kwa namwino, chifukwa kulankhula ndi munthu amene wangomva nkhani yowawa si chinthu chimene aliyense amabadwa nacho. Koma satifiketi ya uphungu payokha sikukupatsa chilolezo choyeza magazi. Kuyeza kumafuna maphunziro akeake ndi kuyesedwa kuti ukutha. Ntchitoyo imafuna wotchi. Determine, choyezera HIV choyamba, imawerengedwa pakatha mphindi 15, ndipo ikadutsa ola limodzi zotsatira zake sizikhulupirika. Ikaonetsa mizere iwiri sulengeza kanthu, umatsimikiza ndi choyezera china monga SD Bioline, imene imawerengedwa pakati pa mphindi 10 ndi 20. Mzere wa control ukapanda kutuluka, kuyezako n'kopanda ntchito, umayambanso ndi kachipangizo katsopano. Zolakwa zimachokera ku changu cha pa mzere wautali: kuwerenga mphindi zisanakwane, kusakaniza buffer (madzi odonthezera pa choyezera) wa mtundu wina ndi wina, kapena kusiya bokosi la zoyezera padzuwa pa outreach. Mwezi wa Okutobala ku chigwa, cha ku Mambwe uko, kutentha kumapitirira madigiri 30 amene zipangizozi zimapirira.

aMwale, wa za ogwira ntchito: Dalitso, mawu oti "ntchito imapezeka msanga" uwatenge mosamala. Ntchito zambiri za aphungu ndi za olemba pa kompyuta zimalipiridwa ndi mapulojekiti a ndalama zakunja. Kumayambiriro kwa 2025, thandizo la boma la America litaimitsidwa, ambiri ogwira ntchito zotere m'Zambia muno anangouzidwa kuti akhale kunyumba. Ndiye ukaipeza, uziona ngati ya nyengo, uzisunga ndalama kuyambira mwezi woyamba.

Za kontirakiti, kulikonse kumene mungalowe, kaya ndi ku kiliniki ya eni, ku pulojekiti kapena m'sitolo. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limati ntchito ya miyezi 6 kapena kuposa ikhale ndi pangano lolembedwa. Muwerenge malipiro, maola, masiku opuma, ndi nthawi ya notisi, chifukwa kalata yokuitanani kusukulu ikhoza kubwera masabata ochepa sukulu isanatsegulidwe. Za penshoni ya NAPSA, wantchito amadulidwa 5 peresenti ndipo bwana amawonjezera 5 ina. Za inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ndi 1 peresenti mbali iliyonse. Muziona nokha ngati ndalamazo zikufikadi, chifukwa alipo mabwana odula pa payslip koma osatumiza. Ndipo satifiketi yeniyeni ndi NRC sizisiyidwa kwa bwana. Perekani makope otsimikizidwa. Amene wakusungirani satifiketi wakumangani mwendo.

Chinanso, malo a sukulu kapena ntchito ya boma sizigulidwa pa foni. Pamene boma linalemba ogwira ntchito zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, linalengeza poyera ndipo anthu anapempha kudzera m'njira zodziwika. Wokuimbirani kuti mutumize ndalama pa mobile money kuti dzina lanu lilowe pa ndandanda ndi wakuba.

Amai NaJere a ku Lundazi, namwino: Palibe amene wanenapo za kusamalira wodwala pakhomo, pamene ndi ntchito imene ikupezeka kwambiri m'tauni, mabanja amene ana awo ali ku Lusaka akufuna woyang'anira agogo odwala sitiroko kapena shuga. Kunena zoona, imeneyi ndiyo yofanana kwambiri ndi zimene wophunzira amachita chaka choyamba. Wodwala wosatha kudzitembenuza amatembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku. Uziyang'ana zidendene, m'chiuno, pa fupa la pamwamba pa matako, mapewa ndi kumbuyo kwa mutu. Khungu likafiira, ulidinikize ndi chala. Likapanda kuyera, chilonda chayamba kale. Usapake mafuta n'kusisita pamenepo, umangowonjezera kuwonongeka, chotsa kulemera pamalopo. Nsalu ya pabedi ikhale youma ndi yosakwinyika, ngakhale nyenyeswa za buledi zimabowola khungu la nkhalamba.

Wa sitiroko amadyetsedwa atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo amakhalabe tsonga theka la ola atatha kudya. Akamatsokomola pomeza kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, siya, uuze a chipatala, chifukwa phala lolowa m'mapapo limabweretsa chibayo. Thumba la mkodzo likhale pansi pa chikhodzodzo nthawi zonse koma lisagone pansi. Wa shuga akayamba thukuta, kunjenjemera ndi kusokonezeka, ndipo akutha kumeza, mpatse madzi a shuga msanga. Akakomoka usamuthire kanthu m'kamwa, mugoneke chammbali, mupite naye kuchipatala. Popukuta magazi kapena chimbudzi, JIK wa 3.5 peresenti amasungunulidwa kapu imodzi ku makapu 6 a madzi, wopangidwa tsiku lomwelo, ndipo uvale magolovesi.

Msampha wake uli pa kugona pomwepo. Wogona pakhomo la eni saweruka. Posakhalitsa akuphikira banja lonse ndi kuchapa za ana. Mugwirizane poyamba kuti ntchito yanu ndi wodwala, tsiku lopuma ndi liti, ndipo usiku akulandirani ndani. Kwa amene akulemba GCE, ndikanakonda ya masana yokha.

Chisomo: Amai, nanga makosi a caregiver ndi nurse assistant amene akulengezedwa pa Facebook, kodi amathandiza kulowa unamwino?

aBanda: Angakuphunzitse kusamalira munthu, koma salowa m'malo mwa kirediti ndipo sakupanga namwino. Ndalama ya kosi yotero, kwa amene Maths yamutsekera, ikanagwira ntchito yaikulu pa tuition ndi kulembetsa GCE. Ukafuna kosi ya luso, funsa ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe loyang'anira sukulu za luso. Ukafuna sukulu ya unamwino, funsa ngati sukuluyo ndi pulogalamu yakeyo zinavomerezedwa ndi Nursing and Midwifery Council, ufufuze ku Council komweko osati kungokhulupirira chikwangwani cha pageti. Kuno kum'mawa tili ndi sukulu zodziwika kuyambira kale: ya pa Chipata Central Hospital, ya St Francis ku Katete, ndi ya Mwami ya a Adventist. Musamangopempha malo amodzi. Pemphani kuwiri kapena kutatu, chifukwa opempha ndi ambiri kuposa malo.

aZulu: Tatsala ndi CHA ndi sitolo ya mankhwala. Maphunziro a Community Health Assistant anayamba mu 2011 ku Ndola, kenako anafikanso ku Mwachisompola. Ndi ntchito yabwino ndi yofunika kwambiri m'midzi mwathu: kuyeza malungo, kutsatira amayi oyembekezera, ukhondo wa madzi ndi zimbudzi. Koma CHA amalembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, osati ku Council ya anamwino. Ndi njira ina yokhayokha, si sitepe yoyamba ya unamwino. Amene walowa ntchito ya boma ngati CHA amakhala pa health post ya kutali, kumene tuition kulibe, ndipo tchuthi cha maphunziro sichiperekedwa kwa wongofika kumene. Amene ali kale ndi makirediti asanu ndipo akufuna unamwino, kupita ku CHA ndi kuzungulira phiri.

NaTembo: Koma abambo, kwa mwana wa kumudzi amene kwawo kulibe womulipirira, malipiro a mwezi ndi mwezi a CHA si ndiwo angamufikitse ku dipuloma ngakhale mochedwa?

aZulu: Zimatheka achemwali, ndipo sindikunyoza. Ndikungofuna alowe akudziwa kuti ndi ulendo wa zaka zambiri, ndiponso kuti si onse omaliza maphunzirowo amene amalembedwa ntchito nthawi yomweyo.

Za sitolo ya mankhwala ndinena mwachidule. Yang'ana pakhoma ngati pali chilolezo cha ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, ndipo pakhale munthu wophunzira za mankhwala amene akuyang'anira. Chabwino chake umaphunzira mayina enieni a mankhwala, kusunga bwino, ndi kutulutsa poyamba amene atsala pang'ono kutha nthawi. Choipa chake ndi zizolowezi: kugulitsa makapisozi anayi a amoxicillin chifukwa ndi amene ndalama ya munthu yakwana, kapena Coartem, mankhwala a malungo, kwa wosayezedwa. Coartem amatsata kulemera kwa thupi: makilo 5 mpaka 14 piritsi limodzi, 15 mpaka 24 awiri, 25 mpaka 34 atatu, 35 kupita m'mwamba anayi, kawiri pa tsiku masiku atatu, ndipo tsiku loyamba ulendo wachiwiri umabwera pakatha maola 8. Sitolo imene sifunsa za kulemera kapena za kuyezetsa ikukuphunzitsa zimene aphunzitsi adzavutika kuzizula.

Dalitso: Ndamva akuluakulu. Funso lomaliza: munthu akalowa sukulu angapitirize ntchito yakeyo kuti azidzilipirira?

Amai NaPhiri: Ayi mwanawe, usawerengere zimenezo. Wophunzira unamwino akachoka m'kalasi amapita mu wodi, ali ndi mashifiti a m'mawa, a masana ndi a usiku, amatumizidwa kumakiliniki a kumudzi ndi ku zipatala zina kwa masabata angapo, ndipo maola amene waphonya amabwezedwa asanaloledwe kulemba mayeso. Ndalama zisonkhanitsidwe kale. Pambali pa fizi pali yunifomu, nsapato zotseka, wotchi ya pachifuwa yokhala ndi muvi wa masekondi, thermometer, makina a BP ndi stethoscope, kuyezetsa thupi, ndalama ya index ndi ya mayeso, kuphatikizapo mayendedwe. Pempha pepala la fizi ndi la zofunika kusukulu kumene ukufuna, uwerengetsere chaka choyamba chonse, ugawe ndi miyezi imene yatsala. Chiwerengero chimenecho ndicho chikuuze ngati ungakwanitse kudzipereka kwaulere kapena ukufunika ya malipiro.

aMwale: Ndipo pochoka pa ntchito yogwirizirayo, perekani notisi monga mwa pangano, mupemphe kalata ya umboni musanatuluke pageti. Ikhale pa pepala la ofesi, yodindidwa, yonena tsiku loyamba ndi lomaliza ndi ntchito zimene munkagwira, yosainidwa ndi in-charge kapena bwana mwiniwake. Akuluakulu amasamutsidwa, ndipo wobwera m'malo mwawo sangasaine za munthu amene sanamuonepo.